Yankho: Maatomu ozizira ndi ma quark

Achimwene, mwafunsa kuti mpweya wozizira ungafanane bwanji ndi mphamvu yomanga ma quark, tizidutswa tating'onoting'ono topanga mapulotoni ndi manyutroni a m'kati mwa atomu. Nkhani yagona pa kukokana. Maatomu a lithium-6, mtundu wina wa chitsulo cha lithium, amawaziziritsa ndi laser mpaka kutsala pang'ono kufika pa 0 kelvin, malire a kuzizira konse, kenako maginito amawatchera pa magauss (muyezo wa mphamvu ya maginito) pafupifupi 832. Pamenepo maatomu amakokana kotheratu, mpweyawo n'kumayenda pafupifupi mosakakamira ngati quark-gluon plasma (chisakanizo chotentha kwambiri cha ma quark ndi ma gluon, tizidutswa tomanga ma quark pamodzi) ya ku CERN, malo ofufuzira sayansi a ku Ulaya, komwe akatswiri a ku yunivesite ya Wits muno mu Johannesburg amakagwirako ntchito. Mu 2002 ku yunivesite ya Duke ku America anaona mtambo wa maatomuwa wooneka ngati ndudu ukufutukuka msanga cham'mbali mopyapyalamo, mmene plasmayo imachitiranso. Maginito akatalikira magauss 832, kufananako kumazilala. Komatu samalani, maatomu alibe ma gluon. Amene amafanana nawo kwambiri ndi manyutroni a m'khungu la neutron star, nyenyezi yothinana kwambiri yodzaza ndi manyutroni.