Tebulo lanu la pa chionetsero cha sayansi: positala isiyeni kumbuyo

Achemwali, pa tebulo lanu la pa chionetsero cha sayansi positala ya kafukufuku wanu wa malungo ija musaiike kutsogolo, ndipo maikulosikopu imodzi siingakwane ana a sukulu 300 amene akuti abwerawo. Pepani ndayamba ndi ukali, koma nkhani ya matebulo a pa zionetsero za sayansi imandiwawa.

Positala munailembera anzanu a ku labu. Mwana wa Sitandade 7 kapena mayi amene wangopatuka pochokera kumsika amaima pa tebulo masekondi ochepa, akaona magirafu basi wapita. Amene anayamba kale zinthuzi anaziona. Ku Edinburgh chionetsero chawo chinayamba mu 1989, ku Cheltenham mu 2002, ndipo a ku Cheltenham omwewo ndi amene anayambitsa mpikisano wofotokoza sayansi wa FameLab mu 2005: mphindi 3 zokha, popanda PowerPoint, ufotokoze ndi pakamwa ndi chimene wanyamula m'manja. A Soapbox Science, kuyambira mu 2011 ku London, amangoimika amayi asayansi pa kabokosi m'mbali mwa msewu. Onsewa mfundo yawo ndi imodzi, munthu agwire kanthu kapena afunse kanthu.

Maikulosikopu nayo ili ndi vuto lake. Kuti tizilombo ta malungo tioneke pa silaidi ya magazi yopakidwa utoto wa Giemsa pamafunika lenzi ya 100 ija yoviika m'mafuta, kukulitsa ka 1000. Mwana mmodzi akangogunda tebulo kapena kupotoza kagudumu, zonse zasowa, muyambirenso kusaka. Mwana aliyense akatenga mphindi imodzi, ana 300 ndi maola 5 opanda kupuma. Ndipo ambiri adzati "ndaona" pamene aona nsidze zawo. Ngati mukuifunabe, mangirirani foni pa choonerapo chithunzi chizioneka kwa onse nthawi imodzi, kagudumu kaja mukamate ndi tepi, ndipo mufunse okonza chionetserocho lero ngati pa tebulo panu pafika magetsi. Akakuuzani kuti "tiona", dziwani kuti palibe.

Chimene chimakoka anthu ndi kutulutsa DNA (timaulusi ta m'maselo tosunga chibadwa) m'nthochi. Pa gulu la ana 5: theka la nthochi yakupsa m'kajumbo kolimba, madzi 100 ml, mchere theka la supuni ya tiyi. Afinye ndi manja mpaka ikhale ngati phala, mphindi 2. Kenako supuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale, asakanize pang'onopang'ono, adikire mphindi 5. Sopoyo amaswa khungu la maselo chifukwa ndi lamafuta, mcherewo umathandiza kuti DNA igwirane. Sefani pa kansalu koyera. Mwana aliyense alandire 10 ml m'kakapu koonekera mkati, inu mupendeketse kakapuko n'kutsanulira spiriti yozizira 10 ml m'mbali mwake, iyandame pamwamba. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri timaulusi toyera ngati mamina timayamba kukwera pamene spiriti yakumana ndi madzi a nthochi. Akole ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ana amakuwa ndithu.

Masamu ake: ana 300 ndi magulu 60, nthochi 30, koma gulani 40. Spiriti malita 3, gulani 4. Ikhale yoyera, ya mphamvu 90 peresenti kupita m'mwamba. Ya 70 imatulutsa pang'ono. Sanitaiza wa jeli sagwira. Kachasu kapena jini musayese n'komwe, madzi achulukamo. Spiriti yapepo ya m'mashopu ija mtundu wake umabisa timaulusi, komanso ili ndi poizoni woti sungaike pafupi ndi ana. Igone mufiriza usiku wonse, siiundana, musaope.

Tsopano tamverani mmene zimagwera. M'mawa 8 koloko mwakonzeka, palibe munthu, mukudikira mlendo wolemekezeka amene anati afika 9. Afika 10:30. Malankhulidwe. Nthawi yonseyi ana akhala padzuwa osadya, ndipo tebulo lanu analiika kumapeto kwa tenti kumene mthunzi unathawako kalekale. Akangomaliza kuwomba m'manja, masukulu onse amawamasula nthawi imodzi. Ana 80 pa tebulo la mamita awiri. Ayezi wa m'kulabokosi wasanduka madzi, botolo lina silinatsekedwe bwino, madziwo alowa, spiriti yasukuluka. Poti munafuna kuchenjera munafinyiratu nthochi zonse m'mawa, zada bii, ndipo ma enzyme (timankhwala tachilengedwe) a m'nthochi momwemo akhala akudula DNA ija potentha maola atatu. Mukuthira mothamanga chifukwa mphunzitsi akuti basi ikunyamuka, spiriti ikusakanikirana ndi madzi a nthochi m'malo moyandama. Mwana wina wakhutchumula kakapu kake, thovu lokhalokha. Mukukweza kakapu m'mwamba, "taonani DNA", mulibe kanthu. Ana 80 akukuyang'anani. Ndiye kamwana kena kumbuyo kakuti "akunama awa". Pamenepo mpamene abwana a ku dipatimenti amatulukira ndi wojambula, kuima kutsogolo kwa tebulo limene sananyamulepo ngakhale mpando, kujambulitsa, n'kufunsa kuti logo ya opereka ndalama ili kuti. Mu lipoti mudzalembedwa kuti anthu 300 afikiridwa. Afikiridwa ndi chiyani? Anthu ngati amenewa amaona chionetsero ngati mzere wa m'lipoti, ndipo okonza ena amawerenga mabasi olowa pageti basi. Ndalama ya zikwangwani ndi malaya a mlendo imapezeka, ya ayezi mugule nokha. Wophunzira amene waima maola 7 pa tebulo amapatsidwa botolo limodzi la madzi, dzina lake osatchulidwa paliponse.

Choncho pitani kwa okonzawo sabata ino, osati pa tsikulo. Masukulu abwere mosinthana, gulu lisapitirire ana 15, mphindi 15 gulu lililonse, chifukwa nthochi yokha imadya mphindi 10 mpaka 12. Pa tebulo mukhale atatu: wina kufinyitsa, wina kuthira spiriti (wamkulu yekha, ana asaligwire botolo), wina kulankhula ndi kuyankha. Spiriti muigawe m'mabotolo a 500 ml otseka bwino, mutulutse limodzilimodzi. Makulabokosi awiri, lachiwiri lisatsegulidwe mpaka masana. Nthochi ifinyidwe pamene gulu lafika. Khalani ndi kabotolo kamodzi ka DNA yotuluka bwino kamene munakonza dzulo lake, zikakanika muonetse kameneko ndipo munene poyera kuti lero zakanika chifukwa chakuti. Ana amakhulupirira wasayansi wovomera kuti zakanika kuposa wokakamira. Moto, mbaula za ogulitsa tchipisi ndi osuta fodya zikhale kutali ndi spiriti. Chidebe cha zinyalala chokhala ndi chivindikiro, madzi osamba m'manja, ndi nsanza zambiri.

Mwana wochenjera akafunsa ngati zoyerazo ndi DNA yokhayokha, musaname: muli RNA (m'bale wake wa DNA) ndi zina za m'chipatsomo. Muuzeninso kuti woyamba kutulutsa DNA, Friedrich Miescher, mu 1869 ku Tübingen, anaitenga m'mafinya a pa mabandeji a kuchipatala. Amanyansidwa kenako saiwala. DNA ya m'selo limodzi la munthu itatambasulidwa ingafike pafupifupi mamita 2, ndiye tengani ulusi wotalika choncho awone.

Magazi musayeze munthu aliyense pamenepo, ngakhale atakupemphani, ndipo majakisoni asaoneke pa tebulo. Chilolezo cha zimenezo mulibe, komanso tonse tikukumbuka 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu. Silaidi ya magazi ngati mwabwera nayo, nenani kumene inachokera musanafunsidwe. Zithunzi za ana, funsani aphunzitsi awo kaye.

Komabe, achemwali, nthochi yokha musadalire. Imeneyo mwana angaione pa YouTube, ndipo siikukhudza ntchito yanu. Anthu abwera kudzakumana ndi inu amene mumafufuza malungo. Tengani mabotolo awiri oonekera mkati, lina mphutsi za Anopheles (udzudzu wofalitsa malungo), lina za Culex (mtundu wina wa udzudzu), kukamwa kwake mumange ndi kaneti. Za Anopheles zimagona chopingasa m'madzi pamwamba penipeni, za Culex zimalendewera mutu pansi, zikupuma ndi kapaipi ka kumchira. Zimaoneka ndi maso, magetsi osafunika, ndipo munthu akabwerera kwawo amakayang'ana m'zithaphwi za kuseri kwa nyumba. Zimene zasanduka kale zopindika ngati chizindikiro cha koma (,) muzichotse m'mawa, chifukwa pakapita masiku awiri kapena atatu zimakhala udzudzu wouluka. Mukamaliza thirani madzi otentha, musakakhuthule m'ngalande. Positala ijanso bwerani nayo ndithu, muipachike kumbuyo kwanu. Pamapezeka namwino mmodzi kapena mphunzitsi wa Biology wofuna manambala enieni, ndiponso abwana aja apeze poimira akamajambulitsa.