Za filimu ija, msuweni

Eee msuweni, ndamva. Akuti ndinaonera Bowling for Columbine, nanga n'zoona kuti banki inkapereka mfuti? Ndinaonera kalekale. Ndi ya Michael Moore, ya 2002, inatenga mphoto ya mafilimu ya Oscar chaka chotsatira. Za banki zilimodi, ku Michigan ku America, ukasungitsa ndalama zako ankakuninkha mfuti. Koma iwe... unayamba liti kufunsa za mafilimu, munthu woodzera filimu isanafike n'pakati pomwe? Alamu ayambiranso zogula mfuti zija, eti? Usakane.

Dikira ndiphule ndiwozi... ehe.

Gogodera ya amalume ukuikumbukira? Ija ankati ndi ya anyani. Nyani sanaphepo ngakhale mmodzi. Chimene anapha ndi tambala wa agogo... ayi ndanama, linali bakha la aneba, mlandu mpaka kwa amfumu, mbuzi ija n'kupita. Ndiye ankaikulunga m'chiguduli n'kuisomeka kutsindwi, amvekere, "apa mwana sangafikepo." Aaa! Tonse tinkadziwa. Akangotuluka kupita ku bawo, achimwene ako ankakwera pamtondo n'kuitsitsa, iwe uli mlonda pakhomo, mlonda wake wamantha, nkhuku ikangodutsa wathawa kale. Tsiku lina anandiloza nayo pamphumi penipeni, akuseka. Ngati munali wonga kapena ayi, palibe anayang'ana. Mayi mpaka lero sadziwa... iii, ali m'gulu momwe muno. Mayi pepani, mwamvera pompano.

Ndimati chiyani? Eya, filimu. Anthu amakumbukira za sukulu ya Columbine ku America, Epulo 1999, anyamata awiri kulowa pasukulu pawo ndi mfuti n'kupha anzawo ndi mphunzitsi. Moore anapitanso ku Canada, kumene mfuti zilipo zambiri koma kuphana n'kochepa, ena osakhoma n'komwe zitseko. Iye akuti vuto la ku America ndi mantha, owadyetsa pa TV m'mawa ndi madzulo. Kaya, mwina. Ine chimene chinandikhala pamtima n'cha kufupi ndi mzinda wa Flint, ku Michigan komweko, mu 2000. Mnyamata wa zaka 6 anapeza mfuti kunyumba kwa amalume ake, n'kupita nayo kusukulu, n'kuwombera kamtsikana ka m'kalasi mwake, nakonso ka zaka 6. Kanamwalira. Kwa amalume ake, wamva?

Ndiye alamu akamati "ndiibisa pabwino", dziwa kuti mwana sabisiridwa kanthu m'nyumba. Ana ako aja anapeza mphatso za Khirisimasi mwezi wathunthu isanakwane, unadandaula wekha muno. Ndikudziwa kumeneko si kwathu kuno, ndipo poti anakuthyolerani galimoto ija mtima suli m'malo, sindikutsutsa. Koma pamene wamkulu akuti pabisika, mwana anafikapo dzulo.

Usawalalatire, umadziwa mmene amachitira akaona ngati ukuwalamula. Muonere limodzi, pofika pa kamtsikanako usalankhule, angoona okha. Akafunsa maganizo anga uwauze kuti msuweni akuti ana amadziwa pobisa ponse, afunse achimwene ako za mtondo. Ndiimbire Loweruka, panopa nsima ikundipserera.