Magemu a pa Steam si katundu wa mushopu, achimwene

Funso lachokera kwa m'bale wathu wa ku Rosettenville:

"Aphungu, ndili kuno ku Joni chaka chachisanu, usiku ndimagwira ugadi koma ndinatsegula kamalo ka magemu mugalaja. Makompyuta atatu, chiwongolero chimodzi, anyamata amalipira R10 pa mphindi 20 kuyendetsa mathiraki pa Euro Truck Simulator 2, ena amakonda Farming Simulator. Akaunti ya Steam, shopu ya magemu ya pa intaneti, ndinagula R1,200 kwa mkulu wina pa gulu la WhatsApp ili kale ndi magemu, kenako ndakhala ndikugula mapu a misewu yatsopano ndi mathiraki owonjezera mugemumo, katundu yense mmenemo wafika R9,000. Selo yotsitsa mitengo ya Disembala ikubwera, ndikufuna nditenge R6,000 kwa mashonisa, akatapila a kuno, pa 30 peresenti pamwezi ndigule mapu otsala ndi chiwongolero china. Zikavuta ndidzangogulitsa akauntiyo nkubweza. Tsiku labwino timapanga R250. Amene amakhala pamalopo ine ndikagona ndi mwana wa achemwali anga. Ndiyambe kugula mapu ati amene amakoka makasitomala?"

Achimwene, za mapu tiyeni tiziike pambali kaye. Ine ndaima pa mawu amodzi amene mwalemba, akuti katundu. Kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri, wina wa ku Yeoville, wina wa ku Diepsloot, ndipo onse amagwera pa dzenje lomweli.

R9,000 ija si katundu. Ndalama imeneyo inapita. Mukaoda majini ku China Mall akakanika kuyenda mumatsitsa mtengo, mumawatumiza kumudzi pa basi ya ku Park Station, china chake mumapezapo. Ngakhale kale magemu ali pa chimbale, ukatopa nayo gemu umakagulitsa kapena kusinthana ndi mnzako. Koma pa Steam, yomwe kampani ya Valve inayambitsa mu 2003, chomwe mumalipira ndi chilolezo chosewera basi, ndipo kuyambira mu 2024 amachita kukulemberani pomwe mukulipirapo kuti mukugula chilolezo. Simungagulitse gemu imodzi, simungaiike pinyolo, ndipo malamulo amene munadina kuti ndavomera osawerenga aja amakaniza kugulitsa kapena kupatsa munthu wina akaunti. Kubweza gemu kumatheka mosavuta pasanathe masiku 14 chigulireni komanso musanaisewere maola awiri. Kupitirira apo nthawi zambiri yatha. Anthu amene anagula The Crew, gemu ya magalimoto ya Ubisoft, anazionera okha mu 2024 pomwe makina ake a pa intaneti anazimitsidwa, gemu yolipira ndalama zawo inangosiya kutseguka.

Ndiye mawu oti zikavuta ndidzagulitsa akaunti aja, chikole chanucho palibe. Ndipo chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri nchakuti akauntiyo si yanu nkomwe. Imelo yoyamba yotsegulira ndi ya ndani? Ma risiti a magemu oyambawo ali ndi ndani? Mkulu wa pa WhatsApp uja tsiku lina akhoza kulembera a Steam kuti andibera akaunti, nkuonetsa umboni kuti anagula ndi iyeyo, amubwezera, ndipo mapu onse amene mwakhala mukuthiramo ndi ndalama ya ugadi, kugona panja kuzizira kwa Juni kuno, apita nawo. Mukamanga nyumba pamalo a mwini mumadziwa chimatsatira. Inu mwamanga kale, pano mukufuna kukongola kuti mufolere malata.

Palinso china. Akaunti wamba ndi ya munthu mmodzi kusewera yekha, osati kulipiritsa anthu, ndipo ndikudziwa kuti makompyuta atatuwo mukuwayendetsa pochotsa intaneti chifukwa akaunti imodzi salola kuseweredwa malo atatu nthawi imodzi. A malo ngati anuwa ali ndi khomo lawo lotchedwa Steam PC Café Program, kumene zilolezo zake ndi za bizinesi. Kalowenimo muone magemu amene ali pamndandanda ndi mitengo yake musanaponye randi ina iliyonse.

Tsopano tiwerengere, mwachisawawa chabe. Mwati tsiku labwino R250. Nanga tsiku loipa? Simunanene chifukwa simukudziwa, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Tiyerekeze pakatikati ndi R150, masiku 26, ndiye pafupifupi R3,900 pamwezi. Galaja tiyike R1,500, mayunitsi a magetsi makompyuta atatu tsiku lonse tiyike R600, intaneti R500 chifukwa magemu amenewa sachedwa kufuna apudeti ndipo deta imapita ngati madzi. Zatsala R1,300, musanampatse mnyamata uja ya sopo. Chiwongoladzanja cha R6,000 pa 30 peresenti ndi R1,800 mwezi uliwonse, mpamba wake usanakhudzidwe. Ndiye kuti phindu lonse la galaja silikukwana ngakhale chiwongoladzanja chokha, R500 yotsalayo izichokera ku malipiro a ugadi, ndipo ya pa Mukuru yopita kumudzi ya feteleza ija ndi imene iyambe kudulidwa. Katapila ndi katapila, kaya ku Ndirande kaya ku Joni, wangosintha dzina. Wobwereketsa wolembetsedwa ku National Credit Regulator, bungwe loyang'anira za ngongole kuno, saloledwa kupitirira 5 peresenti pamwezi pa ngongole yaifupi yoyamba, ndipo kusunga khadi la ku banki kapena chiphaso cha munthu ngati chikole ndi mlandu pansi pa National Credit Act ya 2005. Wanuyo akapempha pasipoti, thawani.

Koma ndibwerere pa kusadziwa kwanu za tsiku loipa kuja, nkhani ya kope lolembamo ndalama, chifukwa ine ndimati bizinesi zambiri za abale athu kuno zimafa ndi kusalemba kuposa kusowa mpamba. Magemu odawunilodawa ndi oopsa pa chinthu chimodzi, ndalama imatuluka osaigwira mmanja. Kugula thumba la ufa umaona chikwama chikupepuka. Apa khadi munalisunga kale mu akaunti, mumangodina kawiri, R80 yapita, mawa R140, mkuja penti ya thiraki, ndipo palibe chomwe mwanyamula kubwera nacho kunyumba choti mkazi wanu afunse kuti ichi mwagula zingati. Opanga magemu oyerekeza zenizeniwa anaiphunzira bwino njira imeneyi. Euro Truck Simulator 2 inatuluka mu 2012 kuchokera ku SCS Software ya ku Prague, gemu yeniyeniyo ndi yotchipa, koma mpaka lero akutulutsabe mapu, Scandinavia, Italia, Iberia, ndi ena, chilichonse mtengo wakewake. Gemu ina, The Sims 4, inasanduka yaulere mu 2022, ndalama amaipeza pa zowonjezerazo. Sindikuti ndi akuba ayi, ntchito amaigwiradi ndipo nchifukwa chake gemu yakale chonchi ikadali yokoma komanso imayenda pa kompyuta yosadula. Koma wosewera amangomva kuti mapu anga ndi osakwanira, msewu wathera pamalire, kenako selo yabwera ndi wotchi yowerenga masiku otsala, mtima phaphapha. Selo ya Steam imabwera Juni, imabweranso Disembala, chaka ndi chaka. Siithawa.

Ndipo ndikufunseni moona mtima, mapuwo akufuna ndani, makasitomala kapena inu ndi mwana wa achemwali? Ndinaimapo pamalo ena ngati anuwa Loweruka masana. Kamnyamata kanaponya R10 yake patebulo, kukhala pampando, mapazi osafika bwino pa mapedulo, mphindi 20 zonse kanathera kubweza thiraki chambuyo kuti ngolo ilowe pamalo oimikapo, anzake atatu kumbuyo kukuwa kuti pinda, pinda! Sikanafunse kuti uku ndi ku Spain kapena ku Poland. Chomwe ankalimbirana onsewo ndi chiwongolero, makompyuta a kiyibodi anali duu opanda munthu. Amene amafuna mapu atsopano ndi munthu amene wayenda misewu yonse yakale mpaka kutopa nayo, ndipo munthu wotero ndi amene amasewera ulere usiku wonse. Mnyamata wanuyo ndi mwana wathu, musamukalipire, magemu amenewa amakoka ngakhale akuluakulu, ulendo umodzi wokha kenako wina mpaka tambala kulira. Koma pasiwedi ndi khadi zisakhale mmanja mwake, ndipo maola amene iye wasewera alembedwe ngati a kasitomala wina aliyense, magetsi amadya chimodzimodzi.

Chochita nachi. Lero lomwe chotsani khadi lanu mu akaunti imeneyo ndipo musathiremonso kanthu. Lowani pomwe pali mbiri ya zogula, Steam imasunga zonse ndi madeti ake, mukopere mukope chimodzichimodzi, mudzadabwa kuti zina simunagule ndinu. Kope lake la R15 lomweli la ana asukulu, tsamba lililonse tsiku lake: kompyuta iti, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, ndalama, gemu yanji. Mayunitsi mukagula lembani. Gemu mukagula ilembeni mbali ya zowonongedwa pamodzi ndi lendi ndi magetsi, osati mbali ya katundu. Katundu wanu weniweni ndi makompyuta atatu, mipando ndi chiwongolero, zomwe mungazinyamule nkukagulitsa mawa.

Chiwongolero chachiwiri chokha ndi chomwe ndikugwirizana nacho pa mapulani anu onse, koma cha sekondi handi, ndipo ndalama yake ichokere mugalajamo kapena ku chipereganyu ndi anzanu a ku ntchito, osati kwa mashonisa. Lembani masiku 30 osadumpha ngakhale limodzi, mujambule masambawo munditumizire, tidzaone limodzi ngati R150 yanga ija ndinaphonya kapena ayi.