Mwana akufuna za nsomba, bambo akuti udokotala basi

Mtsikana wina wa ku Mangochi wandilembera ali ndi nkhawa. Wapeza mapointsi 16 pa MSCE, ndipo mu Biology mutu umene unamugwira mtima ndi wa evolution, wa momwe zamoyo zimasinthira mpaka kubala mitundu yatsopano. Akufuna kuphunzira za nsomba. Bambo ake akuti sanagulitse mbuzi zawo kuti mwana adzakhale msodzi. Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka.

Ndiyambe ndi inu bambo. Malo a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ochepa, ndipo amene amawalimbirana anakhoza kuposa pamenepa. Mukaumirira, chaka chitha mwana ali pakhomo. Mundikhululuke, koma zimandiwawa kuti chuma chili pakhomo panu simukuchiona. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 1984 UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Taonani mbuna, tinsomba ta maonekedwe owala tija ta ku Cape Maclear. Nsombazi zimakakamira pamiyala, siziwoloka mchenga kapena madzi akuya. Gulu lina likatsala pachilumba ichi, lina pachilumba icho, aliyense amakwerana ndi anzake okhaokha. Yaikazi imasankha yaimuna poona mtundu wake, kaya yabuluu kaya yachikasu, kenako n'kusunga mazira m'kamwa. Mibadwo ikapita yambirimbiri, magulu aja sakwerananso ngakhale atakumana. Mtundu watsopano wabadwa. Pakamwa pamasinthanso: ina imapala ndere pamwala, ina imaswa nkhono. Akatswiri amachoka ku yunivesite ya Cambridge ku England kudzafufuza zimenezi, ife ana athu tikuwaletsa!

Tsopano iwe mwanawe, usaganize kuti ndakuikira kumbuyo pa zonse. Kukonda mutu umodzi si ntchito. Ntchito za kafukufuku kuno n'zochepa, digiri yoyamba yokha sikufikitsa patali, udzafunika digiri yachiwiri ya masters. Masamu amene ukuwathawawo akudikira kutsogolo, chifukwa nsomba zimawerengedwa ndi kuyezedwa.

Ukavomera zimenezo, pofunsira malo lemba za nsomba ku yunivesite ya LUANAR kapena ku Mzuni, kapenanso Biology ku UNIMA ku Zomba. Podikira mayankho usangogona. Monkey Bay si patali ndi kwanu, ndipo kumeneko kuli malo a boma ofufuzira za nsomba. Pita ukapemphe kuona ntchito yawo, ndipo bambo akowo uwatenge.