Linga la bwana ndi linga la anthu

Mayi wina wanditumizira imelo ataona chithunzi cha Tower of London. Akufunsa kuti: "Kodi nyumba zamiyala zoterezi ndi kumene anthu a m'midzi ankathawira nkhondo ikabuka?"

Mayi, zikomo pofunsa. Nthawi zina ankathawirako ndithu, koma sizinamangidwire iwo. Ku England kunali malinga a mitundu iwiri, ndipo mtima wanga uli pa mtundu woyambawo.

Mfumu Alfred ya ku Wessex, kum'mwera kwa England, itagonjetsa ankhondo a Viking, adani ochokera kutsidya kwa nyanja, ku Edington mu 878, inayamba kuzinga midzi ikuluikulu ndi malinga otchedwa burh. Anakwana oposa 30, otalikirana moti munthu akalawirira m'mamawa ndi ana ndi ziweto ankafika pa linga dzuwa lisanalowe. Ku Winchester anangokonza makoma akale a Aroma. Ku Wallingford ndi ku Wareham anakumba ngalande n'kuunjika dothi, ndipo mitumbira yake ilipo mpaka lero. Alonda ankachokera m'midzi yozungulira, amuna anayi pa mamita asanu aliwonse a khoma. Munthu ankalondera linga lomwe mawa lidzabisa banja lake.

Kenaka mu 1066 kunabwera William wa ku Normandy, dera la ku France, n'kulanda ufumu wa England. Anthu ake anali ochepa pakati pa eni dziko owada, choncho ankamanga mwachangu, ndi dothi ndi mitengo basi. Ankakumba dzenje lozungulira, dothi lakelo n'kuliunjika pakati ngati chulu chachikulu, pamwamba n'kuimikapo nsanja yamatabwa. M'munsi munali bwalo la mpanda, momwe munali khola la akavalo, nkhokwe ndi kophikira. Okumbawo anali eni mudzi omwewo, pa thangata.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Kaundula wa mu 1086, Domesday Book, akuonetsa kuti ku Lincoln anagwetsa nyumba 166 kuti linga la mfumu lipeze malo. Tangoganizani mabanja onsewo atasenza miphika ndi zofunda, akuyang'ana chulu chikukwera pamene panali makomo awo. Anthu a kumpoto ataukira mu 1069, malinga awiri a ku York anaphwasulidwa. William anawamanganso, n'kutentha midzi ndi zokolola za dera lonselo m'nyengo yachisanu, anthu n'kumafa ndi njala.

Mayi, nsanja yoyera ya Tower of London munaionayo William anayamba kuimanga cha m'ma 1078, miyala ina yochokera ku Caen, kutsidya kwa nyanja. Anaiimika m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pangodya ya khoma lakale la Aroma, kuti aliyense wa mu London akatuluka m'nyumba m'mawa aziiona.