Funsani Amisiri: AC ya pikiapu yanga ikumazima yokha

Funso: Zikomo akonzi. Ndili ndi pikiapu ya Toyota Hilux imene ndimanyamulira nthochi ndi usipa kuchokera ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu. AC yake imazizira bwino ponyamuka, koma ndikangodutsa pamabampu imasiya, fani n'kumauzira mpweya wotentha. Makaniko wina anathiramo gasi kawiri, vuto silinathe, ndipo tsopano akuti ndigule kompresa ina. Kodi ndigule?
Wowerenga wa ku Luwinga, Mzuzu

Yankho: Bambo, musathamangire kugula kompresa, chifukwa AC imene imazizira n'kusiya galimoto ikagwedezeka nthawi zambiri imakhala kuti magetsi akudukiza penapake asanafike pa kompresayo, imene ndi pampu yokankha gasi wa AC.

Yambani ndi maso ndi makutu anu. Injini ikulira, tsegulani boneti, mnzanu adine batani la AC, inu muyang'ane kutsogolo kwa kompresa. Pali kambale kachitsulo ka kilachi kamene kayenera kumveka kuti "tha" n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi gudumu la lamba. Gudumu likamazungulira lokha kambaleko kali chiimire, ndiye kuti magetsi sakufika kapena koyilo ya kilachi, imene ndi maginito a magetsi okoka kambaleko, yafooka.

Kenaka onani fyuzi ndi relay (kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi) za AC, potsata chithunzi chimene chili pachivundikiro cha bokosi lake. Ngati pali relay ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala, zisinthanitseni poyesa. Fyuzi ikapezeka yopsa, ikanimo ya nambala yomweyo, ndipo chonde musakulunge waya m'malo mwake, pakuti fyuzi imapsa pofuna kuteteza mawaya ku shoti, ndipo mukaichotsera ntchito imeneyi moto ukhoza kubuka kuseri kwa dashibodi.

Koma ine ndikukayikira kwambiri mapulagi. Mvula ya ku Mzuzu imakhalitsa, chinyezi n'chambiri, ndipo madzi amatope akalowa m'pulagi ya pa kompresa kapena ya pa switchi yoyeza mphamvu ya gasi, timano ta mkati timachita dzimbiri lobiriwira n'kuyamba kugwira mwa apo ndi apo. Zimitsani injini, zulani mapulagiwo, muwapukute, muwaumitse, ndipo mumangitsenso waya wa earth. Tsatirani waya aliyense ndi chala kuti mupeze pamene wakhuzika ndi chitsulo. Galimoto yonyamula usipa imakopanso makoswe, ndipo iwo sachedwa kutafuna mawaya usiku.

Amisiri a zamagetsi ayeze ndi mita. Injini ikulira ndipo AC ili yoyatsa, pa pulagi ya kompresa payenera kufika mphamvu yofanana ndi ya batire, imene imakhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Koyilo yabwino nthawi zambiri imaonetsa pakati pa 3 ndi 5 ohms. Magetsi akamafika koma kilachi osagwira, koyilo kapena mpata wa kambale kaja ndiwo wofunika kukonza, ndipo pa makompresa ambiri zimenezi zimatheka popanda kugula kompresa yathunthu.

Za gasi wothira kawiri uja zikundidetsa nkhawa. Switchi ija imadula magetsi gasi akachepa, komanso akachulukitsa, makamaka kunja kukatentha ngati mmene kumakhalira kunyanja mu October. Choncho pemphani kuti ayeze ndi geji, atsimikize mtundu wa gasi, amene pa mapikiapu ambiri kuno ndi R134a, ndipo athire mlingo wolembedwa pa kachikwangwani ka pansi pa boneti.