Pulojekiti ya magalimoto olankhulana: kodi ndi kutaya nthawi?

Funso: Mwana wanga ali m'chaka chomaliza cha uinjiniya wa zamagetsi ndi matelefoni ku MUBAS. Wasankha pulojekiti ya magalimoto otumizirana mauthenga popanda waya. Magalimoto otere kuno sindinawaonepo. Ndimuletse? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, musamuletse, koma mumufunse kuti wagwira mbali iti, chifukwa nkhaniyi ndi yaikulu.

Mu 2010 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linavomereza 802.11p, mtundu wa Wi-Fi wa magalimoto wogwira pa mafunde a wailesi a 5.9 GHz. Galimoto iliyonse imaulutsa pamene ili, liwiro lake ndi kumene yalunjika, pafupifupi kakhumi pa sekondi. Pa Wi-Fi ya kunyumba, wolandira amayankha kuti ndamva, ndipo yankho likapanda kubwera wotumiza amabwereza. Uthenga woulutsidwa kwa onse ulibe woyankha. Magalimoto awiri akalankhula pamodzi, mauthenga amagundana n'kutayika, eni ake osadziwa, mwina uthengawo unali wochenjeza kuti wina waponda mabuleki mwadzidzidzi. Lamulo ndi lakuti uyambe wamvetsera usanalankhule, monga pabwalo la mfumu. Koma awiri otalikirana samvana, ndiye onse amayamba kulankhula, yemwe ali pakati pawo n'kungomva phokoso. Akatswiri amati hidden terminal. Kambali kameneka kokha n'kokwana pulojekiti ya chaka chonse.

Galimoto safunika kugula. SUMO, pulogalamu yaulere ya bungwe la DLR ku Germany, imayerekeza kayendedwe ka magalimoto, ndipo pulogalamu ya ns-3 kapena ya Veins imayerekeza mauthengawo pa laputopu. Atenge mapu a msewu wa Masauko Chipembere pa OpenStreetMap (mapu aulere a pa intaneti), audzaze maminibasi ngati m'mawa, aone kuti mauthenga otayika amachepa bwanji galimoto zikachepetsa mphamvu youlutsira kapena zikachepetsa maulendo olankhula pa sekondi. Alimbikire C++ (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta) ndi masamu a probability (oyeza mwayi woti chinthu chichitike), poti ambiri amagwera pamenepo.

Awerengenso za C-V2X ya mu 2017, njira ina yolankhulitsa magalimoto yochokera ku luso la mafoni a m'manja, yomwe ikupikisana ndi 802.11p. Mu 2020 bungwe la FCC ku America linaikonda kwambiri iyoyo, ndipo oyesa mayeso akhoza kumufunsa chifukwa chimene wasankhira yakaleyo.

Pa za ntchito ndisakunamizeni: asayembekeze kulembedwa kuno kuti azilumikiza magalimoto. Koma wodziwa chimene chimasokoneza mauthenga m'mlengalenga amafunika ku makampani a mafoni, komanso ku MACRA komwe amagawa mafunde a wailesi.